Amayi Akugwira Mpopi Kuti Amve Dzanja la Malemu Bambo

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi nditatseka shedi dzuwa lili paliwombo, chinthu chimene bambo anga sanachitepo ngakhale tsiku limene ndinabadwa. Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, mawilibala othyoka miyendo. Lusoli ndinatengera kwa bambo, amene anatisiya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Mumzere wathu wa mashedi palibe ankawatchula dzina. Onse ankati a Musayang'ane, chifukwa asanagunditse ndodo yowotcherera pachitsulo ankakuwa mawu amenewo, ngakhale pafupi patakhala nkhuku yokha.

Ndikufotokozereni shedi yathu kuti muone zimene ndikuona. Ndi malata okhomedwa pamizati yachitsulo. Pakati pali tebulo lachitsulo, lolemera moti kulisuntha pamafunika amuna anayi ndi mkangano. Makina owotcherera ndi akale, amakhala pashelefu imene bambo anaiwotcherera kumzati wapakona. Paipi ya madzi imatsika motsamira mzati womwewo, ndipo mpopi wake ndi pamene timasambira m'manja. Waya wachiwiri wa makinawo, umene timautcha wa ethi, unamangidwa ndi bawuti kumwendo wa tebulo ine ndisanabadwe. Sindinaukhudzepo. Kwathu umangoika ntchito patebulo, nʼkuyamba.

Bambo sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ankangoti, "Maso pamoto, dzanja lisanjenjemere, mlomo tseka." Tsiku lina ndili mtsikana ndinawafunsa kuti magetsi akamaliza kusungunula ndodo amapita kuti. Iwo anati, "Amabwerera kwawo. Iwe sokerera." Phunziro linathera pomwepo.

Amayi ankadana nalo tebulo lija chifukwa cha dzimbiri. Zaka zonse ankapempha kuti alipake penti, bambo nʼkumati, "Tebulo la wowotcherera silivala malaya." Ndiye titamaliza kulira, ine nditachokapo masiku atatu kukaika mafelemu panyumba ina, amayi anaitana amalume ndi mnansi wathu wokonza matayala, amene timangowati a Matayala. Iwo ndi anyamata ena awiri analitulutsa panja tebulolo, nʼkulitsuka, amayi nʼkulipaka penti wabuluu katatu, mpaka kunsi kwa miyendo. Kenako analibwezera pamalo pake. Anatenganso nyundo ya bambo yogogodera makoko otsala pamsoko wa chitsulo chowotcherera, nʼkuipachika pambedza ya pamzati uja, pamene pankakhala ovololo yawo. Nyundoyo anaipanga okha, yachitsulo chokhachokha mpaka chogwirira, ndipo anaimangirira kutebulo ndi tcheni chifukwa a Matayala akabwereka chinthu amayesa mphatso.

Nditabwera ndinapeza amayi ataima pambali pa tebulo, manja ali buluu, akundiyang'ana ngati mwana wodikira kuyamikiridwa. Mukanatani inuyo? Ndinati, "Lakongola, amayi." Ndinangopala kachigawo pamwamba, poika ntchito, zina ndinasiya.

Kuyambira pamenepo moto unayamba makani. Ndodo inkamata pachitsulo, msoko nʼkumatuluka ngati padutsa nkhuku. Ndinawonjezera mphamvu pamakina, zinakhalako bwino. Kenako kunayamba phokoso.

Aphungu, sindikudziwa ngati munavalapo chipewa chowotcherera. M'menemo ndi mumdima. Umaona kadontho ka moto kokha, dziko lonse limatsala m'makutu. Ndiye ndikamasokerera ndinayamba kumva kumbuyo kwa phewa langa lamanzere, tche, tche, tche. Pang'onopang'ono, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo. Pamenepo mpamene bambo ankaima akamayang'ana dzanja langa. Ndikakweza chipewa, palibe munthu. Tcheni chokha, chikugwedezeka pang'ono, popanda mphepo. Ndikachigwira, chofunda ngati munthu wangochotsapo dzanja kumene.

Ndinadziuza kuti ndi kutopa. Mlungu wachitatu, nyundo yanga itasowa, ndinati ndibwerekeko ya bambo. Inakana kuchoka. Ndinakoka ndi manja awiri, osatheka. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti yagwirana ndi mbedza pa kadontho kamodzi, kozungulira bwino, kobiriwira m'mbali. Popanda makoko, popanda chizindikiro cha ndodo. Ine sindinawotchererepo pamenepo, ndipo kiyi wa shedi ndimagona naye. A Matayala atabwera kudzaona anaseka nʼkunena kuti, "Mkulu ameneyu! Ngakhale kumandako sakufunabe kundibwereka?" Anaseka ndithu, koma kuchokera tsiku limenelo moni amaperekera panja.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chandilembetsa kalata ndi amayi.

M'mawa wina anandibweretsera tiyi, nʼkupita kumpopi kukatsuka kapu ine ndikuwotcherera geti. Ndinamva kapu ikusweka. Nditakweza chipewa ndinawaona ataima chilili, dzanja lili pampopi, nkhope yawo ili ngati ya mtsikana amene wamva likhweru kuseri kwa mpanda. Anati, "Bambo ako anditsina."

Apa ndifotokoze. Bambo sankadziwa mawu okoma. Zaka makumi anayi za banja, chikondi chawo chonse chinali kutsina amayi padzanja akamadutsana pakhomo, osayang'anana nʼkomwe. Ife ana tinkayesa sitikuona.

Amayi anati, "Wotchereranso." Ndinakana. Anati, "Iwe, ndati wotchereranso." Ndinatsitsa chipewa, ndinagunditsa ndodo, ndipo mumdima muja ndinamva amayi akuseka kaseko kamene ndinali ndisanakamve chichitikireni maliro.

Tsopano amabwera tsiku lililonse nthawi ya 9 koloko. Amavala nsalu yawo yabwino. Amavula masilipasi pakhomo ngati akulowa m'nyumba ya eni, nʼkukaima pasimenti yonyowa ya pampopi paja, dzanja pachitsulo, nʼkunena kuti, "Ayitane." Ngati palibe ntchito ndimasokerera zidutswa zopanda pake. Ndipo Aphungu, amayi ayambanso kudya. Ayambanso kukangana ndi ogulitsa masamba. Anthu akuti mayi uja wachira.

Musandiyese wopusa. Ndinawauza kuti, "Amayi, imeneyo ndi shoko ya magetsi." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nʼkuti, "Ndinakwatiwa ndi wowotcherera iwe usanakhale ndi mano. Shoko ndimaidziwa, imaluma. Awa akutsina."

Lolemba lapitali ndinali ndi chitsulo chochindikala, ndiye ndinakwezanso mphamvu. Nditamaliza msoko ndinapeza amayi atakhala pansi, mkono ukunjenjemera, pachikhatho pali kadontho koyera. Ndinathamangira kuti ndiwadzutse. Anandikankha pang'ono akumwetulira, nʼkunena motsitsa mawu, "Lero sanatsine. Lero andikoka."

Mawu amenewo sakuchoka m'mutu mwanga.

Pali chinanso, ndipo ichi ndi chimene sindinauzepo munthu. Lachinayi magetsi anazima kuyambira m'mamawa. Mzere wonse unali zii, kunja kuli mitambo. Amayi anabwerabe, anavula masilipasi, anagwira mpopi. Ndinati, "Lero kulibe magetsi, amayi." Anati, "Khala chete." Kenako anati, "Abwera." Ine, pofuna kuwaonetsa kuti palibe kanthu, ndinagwira tcheni chija. Chinali chofunda, Aphungu.

Panopa amayi akhala panja pa shedi pakampando, akudikira kuti ndimalize "zolembalemba" kuti ndiwayitanire amuna awo. Mvula yayandikira, ndipo denga limadontha pakona pomwepo. Ndikasiya, ndikhala ngati ndawaikanso bambo m'manda kachiwiri, ulendo uno ndi manja anga. Ndikapitiriza, ndikuopa tsiku limene adzakoke osabweza. Ndichite chiyani?

Ine,
T. K., wa kumzere wa mashedi


Mwana wa a Musayang'ane,

Tisanapatsane moni: makinawo musawayatsenso. Zulani pulagi, muikulunge, muiike m'thumba la ovololo. Amayi akalire, akutukwaneni, akunenezeni kwa amalume, koma mawa pa 9 koloko pasakhale moto. Mwazula? Chabwino. Muli bwanji?

Mwalembera munthu woyenera mwangozi. Ndisanayambe kuwotcherera mabanja osweka patsamba lino, ndinaphunzitsa za magetsi pakoleji ya ntchito zamanja zaka khumi ndi ziwiri. Ndinali ndi choko, bolodi ndi mabuku olemera ngati tebulo lanulo, koma sindinaphunzitsepo bwino kuposa bambo anu pamene anati magetsi amabwerera kwawo. Vuto lawo linali loti ankapereka mutu wa phunziro, thupi nʼkusunga.

Thupi lake nali. Magetsi amatuluka m'makina, amadutsa muwaya wa m'dzanja lanu, amafika kunsonga ya ndodo, nʼkudumpha kampata kakang'ono kupita pachitsulo. Kudumphako ndiye moto umene mumauona m'galasi lakuda, ndipo ndi umene umasungunula ndodo ndi chitsulo kuti zikhale thupi limodzi. Koma ulendo suthera pamenepo. Magetsi onse amene atuluka ayenera kubwerera kumakina, osatsalako ndi pang'ono pomwe. Msewu wawo wobwerera ndi tebulo, mwendo wa tebulo, bawuti, ndi waya wa ethi uja amene simunamukhudzepo.

Inuyo simunamukhudze. Koma werenganinso kalata yanu. Tebulo lomangidwa ndi waya linatuluka bwanji panja? Wina anamasula bawuti. Amayi anapaka penti katatu mpaka kunsi kwa miyendo, ndipo amalume, poti ndi munthu waulemu, anabwezera waya pamalo pake, pamwamba pa penti. Penti salola magetsi kudutsa. Mwina akudutsa pang'ono m'mano a bawuti, nʼchifukwa chake moto ukuyakabe mwamakani. Otsalawo akufuna njira ina, ndipo inu mutawonjezera mphamvu munangowonjezera alendo pamlatho wothyoka.

Njira inayo amayi anaikonza okha ndi manja achikondi. Kuchoka patebulo kulowa m'tcheni, m'tcheni kulowa m'nyundo, m'nyundo kulowa m'mbedza, mumzati, m'shelefu, mpaka m'makina. Sindinawaone makina anuwo, koma ndikhoza kubetcha chipewa changa kuti pamene waya wa ethi amalowera pali pong'ambika kapena pokhudza chitsulo. Paipi ya madzi yatsamira mzati womwewo. Amayi aima pasimenti yonyowa opanda nsapato. Mukuona amene wasanduka waya?

Za kadontho ka panyundo, musadabwe kuti kalibe makoko. Kuwotcherera ndi magetsi kuli pawiri. Kwanu nʼkwa moto wodumpha. Kwinako kulibe ndodo, kulibe lawi: amapanikiza zitsulo ziwiri nʼkudutsitsa magetsi ambiri pamalo opapatiza. Pamene njira yachepa mpamene pamatentha, monga anthu amatukutira pakhomo, osati pabwalo. Pamenepo chitsulo chimafewa nʼkugwirana. Tsegulani chitseko cha galimoto iliyonse muyang'ane m'mphepete, mupeza timadontho totere pamzere. M'mafakitale amagula makina odula kuti apange zimenezi. Inu mwazipanga ndi penti wabuluu. Phokoso la tche, tche lija ndi mfundo za tcheni zikutentha, kuthetheka ndi kuphwa.

Ndiye chitani izi, makina ali ozima. Masulani bawutiyo. Palani mwendo wa tebulo ndi gilayinda mpaka chitsulo chiwale ngati ndalama yatsopano, palaninso mutu wa wayayo, mumange molimba. Kuposa pamenepo, gulani chopanira cha ethi chabwino, muzichilumitsa pantchito yeniyeniyo, pafupi ndi msoko, nthawi zonse. Bambo anu ankakhulupirira bawuti imodzi chifukwa ankadziwa kuti palibe angaikhudze iwo ali moyo. Dulani tcheni kutebulo. Ikani thabwa louma pansi pa makina, paipi muitalikitse ndi mzati, denga mulimate mvula isanagwe.

Kenako itanani wamagetsi weniweni, wokhala ndi mita yoyezera, osati a Matayala. Chifukwa chake nʼchoopsa kuposa zonse mwalembazi. Magetsi osocherawa amakondanso kulowa m'kawaya kakang'ono kachitetezo ka m'chingwe cha pakhoma. Kawayako sikanapangidwire katundu wotere, kamapsa mwakachetechete. Kakapsa, tsiku lina mpopi udzanyamula magetsi a pakhoma athunthu. Amenewo satsina. Amafinya dzanja kuti ligwiritse chitsulo, mwini wake akufuna kusiya koma zala zikukana. Amayi anu analawako Lolemba. Mupite nawo kuchipatala mlungu uno akaone chikhathocho ndi kugunda kwa mtima, ngakhale akunena kuti ali bwino.

Tsopano gawo lovuta, limene gilayinda singathandize. Musawauze amayi kuti penti wawo ndi amene analakwa. Iwo anadikira zaka makumi anayi kuti apambane mkangano umodzi, asiyeni apambane. Tebulo likhale labuluu. Inu mukufuna kachigawo kochepa ngati chikhatho, kunsi kwa mwendo, kumene munthu saona pokhapokha atagwada. Musawanamizenso. Auzeni maso ndi maso kuti, "Amayi, ndapeza waya womasuka mushedi ya bambo, ndipo ndaumanga." Akakwiya afunseni funso limodzi: kodi a Musayang'ane, munthu amene ankachenjeza ngakhale nkhuku, akanalola mkazi wawo kuima pamadzi opanda nsapato makina akulira? Yankho amalidziwa kuposa inu ndi ine.

Pa 9 koloko azibwerabe. Chimene chawadzutsa mayiwa si mpopi wokha. Ndi kuvala nsalu yabwino, kukhala ndi kopita, kumva fungo la chitsulo chotentha limene linkabwera kunyumba m'malaya a mwamuna wawo. Aikireni mpando pouma, kutali ndi mzati, chofulatira moto, masilipasi ali kuphazi. Apatseni ntchito yokuwa "Musayang'ane!" musanagunditse ndodo, poti udindo umenewo tsopano ulibe mwini. Mbedza ija muidule pamodzi ndi nyundo yake, osazilekanitsa, muwapatse akasunge kunyumba. Ndipo inuyo, amene munatengera dzanja la bambo anu pamsoko, simunatengere zala zokha zogwirira ndodo. Mukamadutsana nawo pakhomo, mukudziwa chochita. Osayang'ana.

Mwaona kuti Lachinayi ndalizungulira ngati chithaphwi. Ndafika.

Tcheni chofunda magetsi atazima chingakhale dzuwa lolowera pabowo la lata. Mwati kunali mitambo. Chingakhale dzanja lanu lozizira ndi mantha, poti dzanja lozizira limamva chilichonse kufunda. Chingakhale jenereta ya mnansi, koma mwati mzere wonse unali zii. Ndatsegula mabuku anga akale awiri, ndawatseka. Ndikuganiza kuti linali dzanja lanu. Ndalemba chiganizo chimenechi, ndachiwerenga katatu, ndipo ndatsala pang'ono kuchikhulupirira.

Koma taonani mphatso imene Lachinayi lakupatsani. Ngati linali dzanja lanu, ndiye kuti zonse ndi waya, mangani waya. Ngati silinali dzanja lanu, ndiye kuti amene amabwerayo anabwera makina ali chete, pulagi ili yakufa, mzere wonse uli mumdima. Safuna magetsi anu. Amayi ndi mboni, anati okha, "Abwera." Akumbutseni mawu awowo. Simukutseka khomo la munthu aliyense. Mukungochotsa dzanja la amayi anu pamsewu wa magetsi.

Chenjezo langa nali. Musalole "kamodzi kokha komaliza." Adzapempha, mwina akulira, mwina atavala nsalu ija, ndipo mtima wanu udzati kamodzi nʼchiyani. M'zaka zanga zapakoleji ndinaperekeza maliro awiri a anthu a ntchito yanu, ndipo onse awiri ankangomalizitsa kamsoko kamodzi.

Mukamanga waya, mukadula tcheni, wamagetsi akayeza nʼkunena kuti zonse zili bwino, tsitsani chipewa mugwire ntchito. Mukadzamvanso tche, tche kumbuyo kwa phewa lamanzere, musakweze chipewa, ndipo musandilembere, poti mabuku anga athera pomwepa. Ingowongolani dzanja. Mwina msoko wapindika.

Phungu wanu